Trill yovuta pa piyano: njira ziti zimasunga dzanja lomasuka, ndipo iliyonse imalephera pati?

Trill ndi manoti awiri okha oyandikana, osinthanasinthana mwaliwiro, koma imaumitsa dzanja kuposa ndime zambiri zodzaza ndi manoti. Imayamba bwinobwino. Pakangopita masekondi ochepa mkono umayamba kutentha, phewa limakwera, chala chaching'ono chimaima njo m'mwamba, woimba amagwira mpweya osadziwa, ndipo manoti aja amayamba kutsimphina, ina yaitali ina yaifupi, mpaka imodzi kusowa kumene.

Ambiri amafulumira kunena kuti zala zawo n'zofooka, n'kuyamba kuzikhwimitsa ndi masewera olimbitsa zala. Koma kiyi ya piyano yosamalidwa bwino imatsika ndi kulemera kwa magalamu pafupifupi 50, ndipo ulendo wake wonse kuchoka pamwamba kufika pansi ndi mamilimita pafupifupi 10. Mwana wamng'ono amaitsitsa osavutika. Chimene chimapha trill ndi mphamvu yopitirira muyeso yothiridwa pamalo olakwika, ndipo njira zonse zimene tikuyerekeza pano tiziyeza ndi funso limodzi: kodi njirayi ikuchotsa ntchito iti yosafunika m'dzanja, nanga ikubweretsa vuto liti latsopano?

Zala tizitchula ndi manambala monga mwa masiku onse: 1 ndi chala chachikulu, 2 cha mkombaphala, 3 chapakati, 4 chovala mphete, 5 chaching'ono.

Dziwani kaye pamene pakuuma

Minofu ikuluikulu yoyendetsa zala sili m'zala. Ili mumkono, pakati pa chigongono ndi dzanja. Yopinda zala ili kunsi, mbali ya chikhatho; yotukula zala ili kumtunda. Imakoka zala kudzera m'mitsempha yaitali yodutsa pamfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi paja. Liwiro likakwera, minofu yotsitsa chala imachedwa kuleka pamene yotukula yayamba kale kukoka. Magulu awiriwa amalimbirana chala chimodzi, wina uku wina uku, ndipo chalacho chimauma gwa pakati pawo. Mphamvu ikutha yambiri, kuyenda kuli kochepa.

N'chifukwa chake malo amene mukumva kutopa amakuuzani cholakwika. Kukatentha kumtunda kwa mkono, mukutukula zala mopitirira. Kukatentha kunsi, mukupitiriza kukanikiza kiyi itafika kale pansi. Pakapweteka patsinde pa chala chachikulu, ndiye kuti mwachiimika m'malere kapena mwachitambasulira kunja pamene 2 ndi 3 zikugwira ntchito. Khosi ndi phewa zikalema, mkono wonse mwaunyamula m'malo moulola kutsamira pang'ono pa makiyi, ndipo kawirikawiri mpando ndi umene watsika kwambiri: chigongono chizikhala molingana ndi makiyi oyera kapena pamwamba pake pang'ono. Musanasankhe njira iliyonse, imbani trill yanuyo mpaka iyambe kuvuta, muime, mukhudze ndi dzanja linalo pamene patentha.

Zala zokha

Iyi ndiyo njira yakale imene ambiri anaphunzira poyamba. Dzanja limakhala phee, mkono osagwedezeka, chala chilichonse chikuyenda kuchokera pamfundo yake yaikulu, pamene chimayambira pachikhatho. Ili ndi ubwino wake weniweni. Mawu ake amamveka mbee, noti iliyonse payokha, ndipo pa trill yaifupi ya manoti 4 mpaka 8, monga zodzaza m'nyimbo za J. S. Bach, Scarlatti ndi Haydn, palibe njira ina yoiposa. C. P. E. Bach, mwana wa J. S. Bach, m'buku lake la 1753 lonena za kaimbidwe ka zida za makiyi, analangiza kuti trill aziiphunzira ndi zala zonse, ndiponso kuti minofu izikhala yomasuka. Koma tisaiwale kuti zida za m'nthawi yake zinali ndi makiyi opepuka ndi osaya kuposa piyano ya lero.

Vuto la njirayi lili pa kaphunzitsidwe kotukula zala m'mwamba ngati asilikali oguba. Pa liwiro lochepa kutukula kumamveka bwino, ndipo woimba amaona ngati akulimbitsa chinachake. Pa liwiro la trill, milimita iliyonse imene chala chakwera pamwamba pa kiyi ndi ulendo wowonjezera, wopita ndi wobwerera, umene minofu yotukula iyenera kulipira. Kiyi imadzikweza yokha. Ntchito yanu ndi kungoleka kuikanikiza, iyo n'kukankha chala chanu m'mwamba. Yesani izi: tsitsani D ndi chala 3, kenaka musatukule, ingofewetsani chalacho mumve kiyi ikuchinyamula. Kumva kumeneko ndiko maziko a trill ya zala yosatopetsa.

Palinso malire amene thupi linaika. Chala 2 ndi chala 5 zili ndi mnofu wotukula wakewake wowonjezera, pamene 3 ndi 4 zilibe, ndipo mtsempha wotukula 4 ndi wolumikizana ndi wa 3 ndi wa 5 kuseri kwa dzanja. Choncho trill ya 3-4 ndi ya 4-5 sizidzamasuka ngati ya 2-3, ngakhale mutaziyeserera zaka. Zikhoza kukhala bwinoko, inde, koma kuzikakamiza kuti zifanane ndi 2-3 ndi njira yachidule yodzivulazira.

Kupotoza mkono

Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri, radius ndi ulna. Radius imagubuduzika pamwamba pa ulna, ndipo ndiko kuyenda kumene timachita potembenuza chogwirira cha chitseko. Tobias Matthay, mphunzitsi wa ku London amene anatulutsa buku lake lalikulu la kakhudzidwe ka makiyi mu 1903, anatsindika kwambiri za kupotoza kumeneku, ndipo pambuyo pake Dorothy Taubman wa ku New York anakusandutsa msana wa kaphunzitsidwe kake konse. Ganizo lake ndi lakuti zala ziwiri zikhale zokonzeka pa makiyi awo, mkono uzigwedezera kumanzere ndi kumanja pang'ono, kulemera kuzisamuka kuchoka pa chala china kupita pa china ngati munthu woponda mwendo uwu kenako uwo.

Pa trill yaitali njirayi imapulumutsa. Minofu yopotoza mkono ndi ina, yosiyana ndi yopinda ndi yotukula zala, motero ntchito imagawika ndipo kulimbirana kuja kumachepa. Imagwira bwino kwambiri zala ziwirizo zikatalikirana: 1-3 ndiyo yabwino koposa, 2-4 ndi 1-2 zimatsatira, ndipo 3-5 imamasuka kuposa 4-5. Pa 2-3 thandizo lake ndi lochepa chifukwa zalazo zayandikana kwambiri, ndipo pa 3-4 n'lochepa kuposa pamenepo.

Kaphunziridwe kake kali ndi msampha. Poyamba mumapotoza mokokomeza, pang'onopang'ono, noti imodzi pa sekondi, kuti thupi limve kumene kuyendako kukuchokera. Liwiro likamakwera kupotozako kuyenera kuchepa mpaka munthu woonerera asakuonenso; kumatsala ngati kanjenjemera kakang'ono mkati mwa mkono. Ambiri amakakamira pa kupotoza kwakukulu, ndiye trill imalemera, imamveka ngati kugogoda, ndipo siithamanga. Ena amaumitsa zala ngati mano a foloko poganiza kuti mkono uchita zonse. Ayi, zala zimagwirabe ntchito, mkono ukungozithandiza. Cholakwika chachitatu ndi kugwedeza chigongono kapena kukhotetsera dzanja kumbali pamfundo ya wotchi ija m'malo mopotoza. Kuti mudziwe, gwirani chigongono chanu mopepuka ndi dzanja linalo: chisamayende uku ndi uku.

Chinanso n'chakuti pa 1-3 chala chachikulu chimakonda kumveka mokweza kuposa chinzake chifukwa n'cholemera. Mankhwala ake ndi kuyeserera mukuika katsindiko pa noti ya chala 3, kenaka m'magulu a manoti atatuatatu kuti katsindikoko kazigwera chala ichi ulendo uno, chinacho ulendo winawo.

Tikaziika pamodzi njira ziwirizi, ife tikuona kuti mkangano wakuti yolondola ndi iti ulibe phindu. Trill yabwino yaitali imakhala ndi zonse ziwiri, ndipo muyeso wake umasintha malinga ndi zala zimene zilipo. Koma munthu amene mkono wake umatentha kumtunda ayambe ndi kupotoza, chifukwa kumam'chotsa msanga pa chizolowezi chotukula.

Kusatsika mpaka pansi, kusakwera mpaka pamwamba

Njira iyi anthu saikamba kawirikawiri, komabe ndi imene imasintha zinthu mofulumira kuposa zonse, bola chida chanu chikhale chololera. Mkati mwa piyano, kanyundo kamamasuka ku chokankhira chake katatsala mamilimita ochepa kuti kagunde waya, ndipo kamamaliza ulendowo kokha. Izi zimachitika kiyi isanafike pansi penipeni. Tanthauzo lake n'lakuti mphamvu iliyonse imene mwathira kiyi itagunda pansi siwonjezera kanthu pa mawu. Imangobwerera m'mitsempha yanu.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi kukwera. Mu 1821 Sébastien Érard analembetsa luso la makina olola kanyundo kugundanso kiyi isanabwerere pamwamba, ndipo piyano za grand (zazikulu zija za mawaya ogona) za masiku ano zimagwiritsa ntchito luso limenelo. Pa grand yokonzedwa bwino, kiyi ikangokwera gawo chabe la ulendo wake imakhala yokonzeka kulizanso. Ndiye trill yofulumira ndi yofatsa imaimbidwa mkati mwa makiyi, zala zosachoka pa makiyi ngakhale pang'ono, makiyi onse awiri akungovinavina chakumunsi kwa ulendo wawo. M'malo mwa mamilimita 10 chala chikuyenda mwina theka lake. Kuyenda kukachepa chonchi kutopa kumachepa nako, ndipo mawu amasanduka kunyezimira kosalala m'malo mwa manoti owerengeka.

Pa piyano yoimirira, ya upright, zinthu n'zosiyana. Makina ake ambiri amafuna kuti kiyi ibwerere pafupifupi pamwamba isanalizenso. Mukayesa trill yosaya pamenepo manoti amadumpha, ndipo choopsa n'chakuti thupi limayankha pokanikiza kwambiri, poganiza kuti noti yasowa chifukwa cha kuchepa mphamvu, chikhalirecho yasowa chifukwa kiyi sinakwere mokwanira. Pa chida chotere lolani kiyi ikwere yonse, chala chikhalebe chokhudza pamwamba pake, ndipo muvomereze liwiro locheperapo. Makiyibodi amagetsi amasiyanasiyana: ena ali ndi masensa atatu pa kiyi iliyonse ndipo amalola kubwereza kiyi isanakwere yonse, ena ali ndi awiri ndipo khalidwe lawo limayandikira la upright. Kuyesa n'kosavuta. Tsitsani kiyi imodzi, muikweze pang'onopang'ono n'kuitsitsanso, mupeze pamene imayambira kulizanso. Pamenepo ndiye malire a trill yanu pa chida chimenecho.

Malo amene chala chaponda pa kiyi nawonso ali ndi kanthu. Kiyi ndi mtengo wotsamira pa chikhomo chapakati, choncho kumapeto kwake, kufupi ndi inu, imapepuka, ndipo mukamalowa mkati chakuchivundikiro imalemera. Trill ya makiyi oyera awiri iimbidwe chakunja. Pedulo ya kumanja ikapondedwa imanyamula zozimitsa mawu zonse, ndipo makiyi amapepukirako pang'ono, koma m'manoti a m'munsi imasokoneza mawu, ndiye musaidalire ngati pothawira.

Kusankha ndi kusintha zala

Nthawi zina kuuma konse kumatha mukangosintha manambala awiri olembedwa pamwamba pa noti. Makiyi akuda ndi okwera kupitirira pang'ono sentimita imodzi pamwamba pa oyera, ndiponso ali mkati, motero chala chachitali chimayenera kiyi yakuda, chachifupi yoyera. Kudzanja lamanja, E ndi F# zimakhala bwino ndi 1-3 kapena 2-3. Zikatembenuka, yakuda kumanzere yoyera kumanja, monga Bb ndi C, 2-3 imakakamiza chala chachitali kupindika pa kiyi yotsika. Yesani 2-4, kapena 3 pa yakuda ndi 1 pa yoyera, chala chachikulu chitalowa pansi. Kwa manja ena zimenezi zimaoneka zachilendo koma zimamasuka modabwitsa. Akuda awiri, monga F# ndi G#, amafuna 2-3 kapena 2-4, zala zitatambasuka pang'ono kuti ziponde ndi mnofu wake osati nsonga, chifukwa makiyiwo ndi opyapyala ndipo kuopa kuterereka kumaumitsa dzanja.

Pa trill yaitali palinso njira yosinthanitsa zala mkati mwake. Yodziwika kwambiri ndi 1-3-2-3: chala 3 chimaimba noti yapamwamba nthawi zonse, pamene 1 ndi 2 zikulandirana yapansi. Ina ndi 1-4-2-3, imene chala chilichonse chimaimba kamodzi pa manoti anayi. Ubwino wake ndi woonekeratu, zala zimapumirako. Mtengo wake ndi wakuti zala zinayi zosiyana kutalika ndi kulemera zimavuta kuzilinganiza, ndipo khutu limamva kagulu ka manoti anayianayi ngati simunayeserere mokwanira. Njirayi imayenera trill yamphamvu ndi yowala pa makiyi oyera. Pa trill yanong'onong'o imabweretsa phokoso losafunika, ndipo siyenda limodzi ndi kuimba mosaya kuja chifukwa chala chimayenera kuchoka pa kiyi kuti chinzake chilowe.

Yosavuta kuposa zonsezi, ndipo ife timaikonda, ndi kusintha kamodzi kokha pakati pa ulendo: kuyamba ndi 2-3, pa chiyambi cha bar yachitatu (bar ndi kachigawo ka nyimbo kapakati pa mizere iwiri yoimirira) n'kulowetsa 1 m'malo mwa 2. Kusinthako kumadula kuuma kusanakhazikike. Malo osinthira alembedwe ndi pensulo ndipo asamasinthesinthe.

Kuwerenga manoti kapena kuthamanga mwa tizigawo

Apa tikuyerekeza njira ziwiri zoyeserera, ndipo zimachiza matenda osiyana.

Yoyamba ndi trill yowerengedwa. Mantha ndi amene amaumitsa anthu ambiri: sadziwa kuti aimba manoti angati, ndiye amangothamanga momwe angathere n'kumayembekeza kuti akafika bwino kumapeto. Mukasankhiratu chiwerengero, ubongo umaleka kuchita phuma. Masamu ake ndi achidule. Metronome, kachipangizo kogunda nthawi, ikakhala pa 60 (kugunda 60 pa mphindi), manoti 4 pa kugunda kulikonse ndi manoti 4 pa sekondi, 6 ndi 6, 8 ndi 8. Ikakhala pa 120 zonse zimawirikiza: 8, 12 ndi 16 pa sekondi. Tengani trill yotseka theka loyamba la gawo loyamba la Sonata ya Mozart K. 545, ya pa A pamene dzanja lamanzere likuimba manoti anayi pa kugunda kulikonse. Mukaimba nyimboyo pa 120 n'kufuna manoti awiri pa noti iliyonse ya kumanzere, mukupempha dzanja lanu manoti 16 pa sekondi, liwiro limene ngakhale odziwa bwino amalimva kuwawa. Manoti 6 pa kugunda, kutanthauza 12 pa sekondi, amamveka ngati trill yeniyeni ndipo dzanja limapuma. Kwa woyamba kumene, ngakhale 4 pa kugunda, olingana ndendende ndi kumanzere, ndi abwino kuposa 8 otsimphina. Khutu limamva trill yosalala ngati yofulumira kuposa mmene ilili.

Kayeseredwe kake: metronome pa 60, kugunda kanayi ndi manoti 4, kanayi ndi manoti 6, kanayi ndi manoti 8, kenaka kubwerera ku 4 osaima. Kubwererako ndiko kofunika, chifukwa kumaphunzitsa dzanja kumasuka lili mkati mwa ntchito. Mukadutsa katatu osamva kutentha, kwezani metronome ndi 4. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti ikhoza kukumangani pa liwiro limodzi. Kuyenda kwa chala pa liwiro lochepa kumasiyana ndi kwa pa liwiro lalikulu, monga kuyenda kumasiyanirana ndi kuthamanga, ndipo munthu wokwera masitepe a metronome okhaokha amakafika pa khoma limene sangalidutse.

Khoma limenelo limagwetsedwa ndi njira yachiwiri, ya tizigawo. Ikani zala ziwiri pa makiyi, mulize manoti onse awiri pamodzi, kenaka muwalekanitse pang'ono kwambiri kuti amveke ngati "tra" mmodzi. Limenelo ndi liwiro lalikulu kuposa limene mudzafune, ndipo labwera popanda kulimbana. Onjezani noti yachitatu: C-D-C, mwa kuyenda kumodzi, n'kuima. Poimapo werengani masekondi awiri, mutulutse mpweya, muone ngati chala chachikulu chagona, nsagwada zamasuka, phewa latsika. Chitani chimodzimodzi kuyambira pa noti yapamwamba, D-C-D. Zikatheka kasanu motsatizana pitani pa manoti 5, kenaka 7, kenaka 9. Pamene kuuma kwayamba, bwererani ndi sitepe imodzi. Ntchito yeniyeni ili pa kupuma kuja; amene amadumpha masekondi awiriwo akungoyeserera kuuma mwa tizigawo.

Ndiye ngati trill yanu imathamanga koma imasokonekera ndi kusemphana ndi dzanja linalo, werengani. Ngati ili yolongosoka koma yakana kufulumira, gwiritsani tizigawo. Ndipo zonse ziwiri zisapitirire mphindi 5 pa dzanja limodzi musanasinthe ntchito.

Pamene trill ili ndi katundu wina

Trill ya dzanja lamanzere ilibe chinsinsi chapadera, imangokhala yosazolowereka. Mu Invention No. 4 ya Bach, ya mu D minor, manja onse awiri amalandira trill yaitali pamene linalo likuyenda ndi manoti 6 pa bar. Manoti 12 a trill pa bar, awiri pa noti iliyonse, amalumikizana bwino, ndipo kumanzere 1-3 kapena 1-2 ndi kupotoza pang'ono zimathandiza. Popeza mawaya a m'munsi amalira mokweza ndi motalika, imbani mofatsa kuposa mmene mukuganizira.

Yovuta zedi ndi trill imene dzanja lomwelo likuimbanso nyimbo pamwamba pake, monga m'gawo lomaliza la Sonata ya Beethoven Op. 53, ya Waldstein, pamene 1 ndi 2 zikuchita trill, chala 5 chikutola manoti a nyimbo kumwamba. Apa kupotoza kumachepa mphamvu chifukwa dzanja latambasuka, ndipo kutambasukako pakokha kumaumitsa. Zinthu ziwiri zimapulumutsa. Choyamba, musasiye dzanja lili chitambasukire kudikira noti yakumwamba. Litsekeni libwerere pa trill, mulitsegule pa nthawi yake yokha, pedulo isunge noti ya nyimbo. Chachiwiri, pamene noti ya nyimbo ikulira, siyani noti imodzi ya trill. Khutu limatsatira nyimbo ndipo silizindikira kampata kameneko. Amene akuona ngati kumeneku ndi kuba adziwe kuti Beethoven mwini analemba m'zolemba zake za pamanja njira zopeputsira trill imeneyi kwa amene ingawavute.

Trill ya manoti awiriawiri, monga za mu Barcarolle ya Chopin Op. 60, imafuna kuganizira zala mwatsopano. Zala zoyamba kubwera m'maganizo, 1-3 kusinthana ndi 2-4, zimadalira 3-4 kumwamba, zala zomangana zija. Yesani 2-4 pa awiri apansi ndi 1-5 pa awiri apamwamba: kumwamba kukhala 4-5, kumunsi 2-1, ndipo dzanja limatseguka ndi kutsekeka mwa kayendedwe kamodzi m'malo moyendetsa zala zinayi pachokhapachokha. Yeserani mzere wapamwamba wokha ndi zala zake zenizeni, kenaka wapansi wokha, ndipo powaphatikiza lolani wapansi upepuke.

Pa trill ya 4-5 yosathawika, chala chachikulu chitagwira noti pansi, cholakwika chofala ndi kukanikiza noti yogwiridwayo ndi mphamvu zonse. Kuti kiyi ikhale pansi imafuna kulemera kochepa kuposa kumene kunaitsitsa. Yesani kuchepetsa mphamvu pa chala chachikulu mpaka kiyi itatsala pang'ono kukwera, muone mmene 4 ndi 5 zikumasukira nthawi yomweyo. Sunthaninso chigongono pang'ono kuti mkono ukhale kumbuyo kwa zala zimene zikugwira ntchito, osati kumbuyo kwa chala chachikulu.

Poyambira ndi pomalizira

Trill zambiri zimaumira pa khomo. Woimba amaiona ikubwera, amakoka mpweya, amaumitsa dzanja bar yathunthu isanafike. Dziwiranitu noti yoyambira. M'nyimbo za nthawi ya J. S. Bach trill imayamba kawirikawiri pa noti yapamwamba, monga momwe tebulo limene iye analembera mwana wake Wilhelm Friedemann mu 1720 likusonyezera. Hummel, woimba piyano ndi wopeka nyimbo, m'buku lake la 1828, analimbikitsa kuyambira pa noti yeniyeniyo, ndipo chizolowezi chimenecho chinafala m'nyimbo zapambuyo pake. Mukasankha, lolani kulemera kwa mkono kugwere pa noti yoyambayo, zotsatira zipepuke, ndipo muyambe kutulutsa mpweya pamene trill ikuyamba. Pa trill yaitali m'nyimbo yolola zimenezi, kuyamba modekha n'kumafulumira pang'onopang'ono kumakometsa nyimbo ndiponso kumapatsa dzanja mpata.

Mapeto ayeserereni chobwerera m'mbuyo. Imbani manoti awiri otsekera ndi noti yofikirapo, mobwereza mpaka zitakhala ngati liwu limodzi. Onjezani manoti awiri a trill kutsogolo kwake, kenaka anayi, kenaka asanu ndi limodzi. Mukatero mumakhala mukulowera kumalo amene mukuwadziwa bwino koposa, ndipo mantha a kumapeto, amene amaumitsa theka lachiwiri la trill, amachoka.

Kutentha pang'ono kumene kumatha mukapuma mphindi imodzi ndi chizindikiro chakuti kachitidwe kakufunika kukonza. Ululu wobaya, dzanzi m'zala, kumva ngati tisingano, kapena chala chimene chayamba kudzipinda chokha mukamaimba, zimenezo si zoti mupirire: lekani kuyeserera ndipo mukaonane ndi dokotala wodziwa za manja.

Mukapatsidwa piyano yachilendo ndi mphindi zochepa zoiyesa musanaimbire anthu, pitani molunjika pa makiyi awiri a trill yanu yovuta kwambiri. Pezani pamene kiyi imayambira kulizanso, mumve kulemera kwake, ndipo musankhe pomwepo kuti lero muimba manoti 8, 6 kapena 4 pa kugunda. N'chifukwa chake trill iliyonse yovuta iyenera kuyesereredwa kunyumba pa ziwerengero ziwiri, chachikulu ndi chocheperapo, zonse mpaka kumapeto kwake ndi dzanja linalo likuimba.